ERATOSTHENES, MUNTHU AMENE ANAYESA DZIKO LAPANSI NDI CHITHUNZITHUNZI

1. Njanji ya ku Sharpevale

Mwana aliyense wa ku Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje, adziwa njanji ya sitima yapamtunda imene idutsa kwao kuchokera ku Balaka kunka ku Golomoti ndi ku Chipoka. Njanjiyo inafika ku Salima m'chaka cha 1935. Munthu akaima patali pang'ono, nayang'ana pamene njanji yawongoka, aona zitsulo ziwiri zazitali zogona pansi. Kutaliko zioneka ngati zakomana, koma sizikomana ayi. Danga la pakati pa izo likhala limodzimodzi ulendo wonse, ndilo mainchesi 42, pakuti likadasinthasintha mawilo a sitima sakadayendapo.

Mizere iwiri yowongoka yotere, yoyenda pamodzi osayandikizana ndi osatalikirana, itchedwa mizere yosakomana. Pamene njira ya anthu idula mizere yotere mopingasa, pakhala ngodya zinayi pa mzere wina ndi zinayi pa mzere unzake, zonse pamodzi 8. Anthu ambiri aoloka pamenepo tsiku ndi tsiku osaganizira kanthu. Koma kale lomwe kunali munthu wina wobadwira mu Africa, amene anatenga ziwiri mwa ngodya zimenezi, nayesa nazo kukula kwa dziko lonse lapansi, iye ali khale kwao. Dzina lake ndiye Eratosthenes.

2. Ubwana wake ndi maphunziro ake

Eratosthenes anabadwa ngati m'chaka cha 276 Khristu asanabadwe. Zaka za nthawi ija ziwerengedwa chobwerera, kotero kuti chaka cha 276 ndicho chakale koposa chaka cha 245. Kwao kunali ku Cyrene, mudzi waukulu wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero litchedwa Libya. Mudziwo unamangidwa ndi Agriki ochokera ku chisumbu cha Thera, zaka zoposa 300 iye asanabadwe. Ndipo chinenero chake cha mwanayo chinali Chigriki. Dzina la atate wake ndiye Aglaos.

Atakula, mnyamatayo anaoloka nyanja ya Mediterranean kunka ku Athens, kumene kunali aphunzitsi omveka a masiku aja. Kumeneko anakhala zaka zambiri, namva ziphunzitso za Ariston wa ku Chios ndi za Arcesilaus. Ophunzira anzake anali kusankha mphunzitsi mmodzi ndi kumamatira kwa iye moyo wawo wonse, koma Eratosthenes sanatero. Mtima wake unakhumba kudziwa zinthu za mitundumitundu: masamu, nyenyezi, mbiri ya makedzana, maiko akutali ndi ndakatulo. Iye mwini analemba ndakatulo, ndipo mbiri yake inayamba kumveka kutsidya la nyanja.

3. Aitanidwa ku Alexandria

Masiku amenewo dziko la Egypt linali m'manja mwa mafumu a Chigriki otchedwa Ptolemy. Likulu lawo linali ku Alexandria, mudzi umene Alexander Wamkulu anaukhazikitsa m'chaka cha 331, pafupi ndi pamene mtsinje wa Nile uthira m'nyanja. Mafumuwo anamanga nyumba yaikulu ya mabuku, nafuna kusonkhanitsamo buku lililonse la pa dziko lapansi. Mabukuwo sanali onga a lero ayi. Anali mipukutu yaitali yopangidwa ndi gumbwa, wonga amene amera m'madambo a mtsinje wa Shire, ndipo mpukutu uliwonse unalembedwa pamanja. Olemba akale asimba kuti ngalawa ikakocheza pa dooko la Alexandria, anyamata a mfumu anali kutenga mabuku opezeka m'menemo, nawalemba mwatsopano, nasunga eni akewo m'nyumba ya mfumu.

Ngati m'chaka cha 245, mfumu Ptolemy III, amene mkazi wake Berenice anali wa ku Cyrene, anaitana Eratosthenes kuti adze ku Alexandria. Iye anali ndi zaka ngati 30. Anakhala mkulu woyang'anira nyumba ya mabuku ija, nakhalanso mphunzitsi wa mwana wa mfumu, amene pambuyo pake analowa ufumu natchedwa Ptolemy IV. Pa ntchito imeneyi anakhalapo kufikira ukalamba wake.

4. Munthu wachiwiri

Anzeru a ku Alexandria sanaleke kuchitirana nsanje, monga achita anthu okhala pa mphika umodzi. Ena anapatsa Eratosthenes dzina lachipongwe lakuti Beta, ndicho chilembo chachiwiri cha Chigriki. Tanthauzo lake linali lakuti munthuyo adziwa zambiri, koma pa nzeru iliyonse alipo wina womposa, ndipo iye angokhala wachiwiri. Koma Archimedes wa ku Syracuse, amene anali katswiri wa masamu woposa onse a mbadwo uja, sanamuyese wochepa. Anamlembera makalata, namtumizira buku lofotokoza njira imene iye anapezera nzeru zake zatsopano.

Ntchito za Eratosthenes zinali zambiri. Anapeza njira yosankhira manambala amene sagawika ndi nambala ina koma 1 ndi iwo okha. Njirayo itchedwa sefa wa Eratosthenes, pakuti igwira ntchito monga sefa wa ufa. Munthu alemba manambala kuyambira 2 kufikira 30. Asiya 2, nafafaniza onse ogawika ndi 2. Asiya 3, nafafaniza onse ogawika ndi 3. Achita chomwecho ndi 5. Otsala m'sefa ndiwo 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 ndi 29.

Analongosolanso zaka za mbiri yakale, poziwerenga ndi masewera a ku Olympia amene anali kuchitika kamodzi pa zaka zinayi. Analemba mabuku atatu ofotokoza maiko, nyanja ndi mitsinje, najambula mapu okhala ndi mizere yochokera kum'mawa kunka kumadzulo, ndi ina yochokera kumpoto kunka kumwera. Anaphunzitsa kuti mtsinje wa Nile usefukira chaka ndi chaka chifukwa cha mvula yaikulu yogwa kutali kumwera, kumene mtsinjewo uchokera. Ndipo m'mabuku omwewo anatsutsa Agriki anzake amene anali kugawa anthu onse pawiri, Agriki ndi akunja. Iye anaona kuti alipo Agriki oipa, aliponso anthu a mitundu ina okoma ndi anzeru, nati nkoyenera kuyesa munthu ndi makhalidwe ake, si ndi mtundu wake ayi.

Koma ntchito imene inasunga dzina lake kufikira lero ndiyo kuyesa dziko lapansi. Kuti imveke bwino, payenera kuyamba kufotokozedwa lamulo la ngodya limene iye anagwira nalo ntchitoyo.

5. Ngodya zisanu ndi zitatu

Eratosthenes asanafike ku Alexandria, kunali kumeneko mphunzitsi wina dzina lake Euclid, amene anakhala ngati m'chaka cha 300. Iyeyu anasonkhanitsa malamulo a mizere ndi ngodya m'mabuku 13 otchedwa Elements. M'buku loyamba muli malamulo a mizere yosakomana, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuwayesa yekha pa sileti kapena pa mchenga.

Ajambule mizere iwiri yosakomana yogona chopingasa, wina pamwamba, wina pansi. Ajambulenso mzere wachitatu wopendekeka, wodula iwiri ija. Umenewu utchedwa mzere wodula. Pamene udula mzere wapamwamba alembe manambala m'ngodya zinayi: 1 pamwamba kumanzere, 2 pamwamba kumanja, 3 pansi kumanzere, 4 pansi kumanja. Pamene udula mzere wapansi alembe momwemonso 5, 6, 7 ndi 8. Tsono ngodya 3, 4, 5 ndi 6 zili m'kati, pakati pa mizere iwiri ija. Koma 1, 2, 7 ndi 8 zili kunja.

Ngodya iyesedwa ndi madigiri. Munthu akatembenuka pamalo amodzi kufikira wayang'ananso kumene anayamba, wazungulira madigiri 360. Akatembenuka kufikira wafulatira kumene anayamba, wazungulira madigiri 180. Chifukwa chake ngodya ziwiri zogundana pa mzere umodzi wowongoka, monga 1 ndi 2, zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180.

Ngodya zina zili ziwiriziwiri, ndipo zizindikirika motere.

Zoyamba ndizo ngodya zofulatirana, zimene zikhudzana kunsonga kokha monga m'chilembo cha X. Ndizo 1 ndi 4, 2 ndi 3, 5 ndi 8, 6 ndi 7. Izi zilingana nthawi zonse.

Zachiwiri ndizo ngodya za malo amodzi. Ina ili pa mzere wapamwamba, inzake ikhala pamalo onga omwewo pa mzere wapansi, monga m'chilembo cha F. Ndizo 1 ndi 5, 2 ndi 6, 3 ndi 7, 4 ndi 8. Izinso zilingana, pakuti mzere wodulawo upendekeka chimodzimodzi pa mizere yonse iwiri.

Zachitatu ndizo ngodya zosinthana mbali. Ina ili kumanzere kwa mzere wodula, inzake kumanja. Ina pa mzere wapamwamba, inzake pa wapansi. Za m'kati ndizo 3 ndi 6, 4 ndi 5, ndipo zikhala m'magongono a chilembo cha Z. Zakunja ndizo 1 ndi 8, 2 ndi 7. Chifukwa chake cha kulingana kwa izo sichivuta: 3 ilingana ndi 2 pokhala zofulatirana, ndipo 2 ilingana ndi 6 pokhala za malo amodzi, motero 3 ilingana ndi 6.

Zachinayi ndizo ngodya za m'kati za mbali imodzi, 3 ndi 5, 4 ndi 6. Izi sizilingana, koma pokhapokha mzere wodula utaima chilili. Zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180.

Motero wodziwa ngodya imodzi wadziwa zonse. Ngodya 2 ikakhala madigiri 60, pamenepo 3, 6 ndi 7 zili madigiri 60, ndipo 1, 4, 5 ndi 8 zili madigiri 120. Koma pali chinthu chimodzi chosayenera kuiwalika. Ngodya zofulatirana zilingana pa mizere iliyonse, koma malamulo atatu enawo aima pokhapo mizere iwiri ija ili yosakomana ndithu. Euclid anaonetsanso kuti lamulolo ligwira ntchito chobwerera: ngodya zosinthana mbali zikalingana, mizereyo siidzakomana. Chomwecho mlimi akhoza kuyesa mizere ya m'munda mwake pogoneka nsungwi yowongoka chopingasa, ndi mmisiri akhoza kuyesa mphuthu za chitseko.

6. Chitsime cha ku Syene

Anzeru a Chigriki anadziwa kale kuti dziko lapansi lili loburungira ngati dzaye. Aristotle, amene anamwalira m'chaka cha 322, anaonetsa kuti pa kadamsana wa mwezi chithunzithunzi cha dziko chogwa pa mwezi chikhala chozungulira nthawi zonse, ndi kuti nyenyezi zina zooneka ku Egypt sizioneka m'maiko a kumpoto. Koma za kukula kwa dzikolo anthu anali kungoyerekeza. Muyeso wawo wa mtunda unali stadiya, ndiwo utali wa bwalo lothamangirapo. Ena anati kuzungulira dziko ndi mastadiya 400,000, ena anati 300,000. Panalibe munthu wokhoza kuyenda ulendowo ndi chingwe choyesera, pakuti kumwera kunali chipululu, ndi kumadzulo kunali nyanja yosadziwika malekezero ake.

Kumwera kwa Egypt, m'mbali mwa Nile, kunali mudzi wa Syene, umene lero utchedwa Aswan. Za mudziwo kunamveka chinthu chodabwitsa. Tsiku limodzi pa chaka, ngati pa 21 Juni, dzuwa likafika paliwombo, mzati woima chilili unalibe chithunzithunzi, ndipo kuwala kwa dzuwa kunalowa m'chitsime chakuya kufikira pansi pake. Tanthauzo lake ndilo lakuti pa nthawiyo dzuwa linali pamutu penipeni pa anthu a ku Syene.

Ambiri anamva mbiri imeneyi, nazizwa, naiiwala. Koma Eratosthenes anadziwa kuti ku Alexandria, kumpoto kwa Syene, sikutero. Tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo, mzati wa ku Alexandria unali nacho chithunzithunzi chachifupi choloza kumpoto. Iye analingalira kuti dzuwa lili kutali kwambiri, kotero kuti mizere ya kuwala kwake yofika ku Syene ndi yofika ku Alexandria iyenera kuyesedwa mizere yosakomana. Ngati tsono mizati iwiri yaima chilili, koma wina uli ndi chithunzithunzi ndi unzake ulibe, ndiko kuti nthaka ya pakati pa midzi iwiriyo yapindika. Ndipo kupindikako kukayesedwa, kukula kwa dziko lonse kudzadziwika.

7. Chilembo cha Z m'mimba mwa dziko

Chipangizo chake chinali chonga mbale yakuya yozungulira, yokhala ndi kamtengo kosongoka koima pakati pake. Pa tsiku lija, dzuwa lili paliwombo, chithunzithunzi cha kamtengoko chinaonetsa ngodya ya pakati pa kamtengo ndi mzere wa kuwala wodzera pansonga pake. Ngodyayo inali gawo limodzi mwa magawo 50 a mkombero wathunthu. Pa kawerengedwe ka lero ndiwo madigiri 7 ndi kachigawo kamodzi mwa zigawo zisanu, pakuti 360 kugawa ndi 50 ndi 7.2.

Apa ndipo lamulo la Euclid linalowa. Mzere woyamba wosakomana ndiwo kuwala kolowa m'chitsime cha ku Syene. Ukadapitirira kutsika osapatuka, ukadafika pakati penipeni pa dziko lapansi. Mzere wachiwiri ndiwo kuwala kodzera pansonga pa kamtengo ku Alexandria. Mzere wodula ndiwo kamtengo komweko. Pakuti chinthu chilichonse choima chilili chiloza pakati pa dziko, ndipo kamtengoko kakadatalikitsidwa kunka pansi kakadakomana ndi mzere woyamba uja pakatipo. Munthu akalondola ndi chala kuyambira kumapeto kwa chithunzithunzi kukwera kunsonga ya kamtengo, kutsika kufikira pakati pa dziko, ndi kukweranso kutulukira ku Syene, walemba chilembo cha Z. Gongono lina lili pansonga pa kamtengo, gongono linzake lili pakati pa dziko. Zimenezi ndizo ngodya za m'kati zosinthana mbali, ndipo zilingana.

Palibe munthu angathe kutsikira pakati pa dziko kukayesa ngodya ya kumeneko. Koma Eratosthenes anayesa inzake imene inali pabwalo pake, nadziwa nayo yobisikayo. Popeza ngodya ya pakati pa dziko inali gawo limodzi mwa magawo 50 a mkombero, mtunda wochokera ku Alexandria kufikira ku Syene unayenera kukhalanso gawo limodzi mwa magawo 50 a ulendo wozungulira dziko lonse. Mtundawo unawerengedwa mastadiya 5,000. Anachulukitsa 5,000 ndi 50, napeza mastadiya 250,000. Olemba ena akale apereka nambala yake kuti inali 252,000, imene igawika bwino ndi 60.

8. Kodi analondola?

Lero kwadziwika kuti ulendo wozungulira dziko lapansi ndi makilomita pafupifupi 40,000, ndiwo mailosi pafupifupi 25,000. Stadiya sinali yolingana m'maiko onse, monga dengu la mudzi wina sililingana ndi la mudzi unzake. Ngati Eratosthenes anawerenga ndi stadiya ya mamita 157 ndi theka, mastadiya 252,000 akwana makilomita 39,690, ndipo anaphonya pang'ono pokha. Ngati anawerenga ndi ya mamita 185, akwana makilomita 46,620, ndipo anapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi.

Zophophonya zinalipo ndithu. Syene sali kumwera kwenikweni kwa Alexandria, koma apatukira kum'mawa ngati madigiri 3. Dzuwa silinali pamutu penipeni pa Syene, koma linaphonya pang'ono. Ndipo nambala ya 5,000 inali yoyerekeza. Koma njira yake inalibe chilema. Munthu wa lero akaitsata ndi miyeso yabwino, apeza yankho loona.

Buku limene Eratosthenes analembamo zimenezi linatayika, monga anatayikira mabuku ake ambiri. Njirayo inasungidwa ndi mlembi wina, dzina lake Cleomedes, amene anaifotokoza m'buku lake la zakumwamba. Koma si onse analandira nambala ya Eratosthenes. Zaka zoposa 300 iye atamwalira, katswiri wa mapu wa ku Alexandria, Claudius Ptolemy (si wa mafumu aja ayi), anasankha nambala yochepa, ndiyo mastadiya 180,000, ndipo mabuku ake anawerengedwa ku Ulaya zaka mazanamazana.

Kuyesa dziko laling'ono kukhoza kuphetsa anthu. M'chaka cha 1492 Khristu atabadwa, Christopher Columbus ananyamuka ku Spain ndi ngalawa zitatu, nafuna kufika ku maiko a kum'mawa podzera kumadzulo. Iye anakhulupirira kuti dziko lili laling'ono, nayesa kuti Japan ali makilomita ngati 4,400 okha kuchokera ku zisumbu za Canary. Koma mtunda weniweni uposa pamenepo kanayi. Anzeru ena a masiku ake anamchenjeza kuti ulendowo ngwautali woposa kamba amene ngalawa ingasenze, ndipo iwo ndiwo analondola. Pakadapanda kukhala maiko a America pakati pa njira, amene iye sanawadziwe, amalinyero ake onse akadafa ndi ludzu panyanja.

9. Masiku ake otsiriza

Eratosthenes anakalamba ali pa ntchito yake ku Alexandria. Anaona imfa ya mfumu imene inamuitana, naonanso imfa ya mfumu imene iye anaiphunzitsa ili mwana. Potsiriza maso ake anachita khungu. Munthu amene moyo wake wonse anali kuwerenga mipukutu ndi kupenya nyenyezi sanathenso kuona chilembo kapena chithunzithunzi. Olemba akale asimba kuti chisoni chinamgwira, nakana kudya, namwalira ngati m'chaka cha 194 Khristu asanabadwe, ali ndi zaka zoposa 80.

Nyumba ya mabuku ija inapasuka kalekale, ndipo palibe mpukutu wake umodzi wotsala pamalopo. Maina a iwo amene anamutcha Beta aiwalika. Koma dzina la munthu wachiwiriyo lidziwika m'masukulu a maiko onse, ndipo akatswiri a nyenyezi anatcha chigwa china chozungulira cha pa mwezi dzina lake.

10. Dzuwa la ku Malawi

Chimene anthu a ku Syene anachiona kamodzi pa chaka, anthu a ku Malawi achiona kawiri, pakuti dziko lawo lili pakati pa malire awiri amene dzuwa lifikako nilibwerera. Ku Sharpevale dzuwa liima pamutu penipeni pamene Okotobala asiyana ndi Novembala, mvula ili pafupi, ndiponso m'mwezi wa Febuluwale. Masiku amenewo, dzuwa likafika paliwombo, mtengo woima chilili pabwalo la sukulu ukhala wopanda chithunzithunzi. Koma pa 21 Juni, tsiku lija la chitsime cha ku Syene, ku Sharpevale kuli chisanu, ndipo chithunzithunzi cha masana chiloza kumwera, nichiposa magawo atatu mwa magawo anayi a mtengowo.

Ndipo pali chinthu china chokondweretsa. Karonga ali kumpoto kwa Malawi, Nsanje ali kumwera, ndipo kusiyana kwawo ndi madigiri pafupifupi 7, konga kwa Alexandria ndi Syene. Tsiku la m'Novembala limene dzuwa liima pamutu pa Nsanje, ndodo yoima chilili ku Karonga ipanga ngodya ya madigiri ngati 7 ndi mzere wa kuwala. Mtunda wowongoka wa kumpoto ndi kumwera pakati pa midzi iwiriyo ndi makilomita ngati 780. Tsono 360 kugawa ndi 7 ndi 51 ndi kanthu kotsala. Ndipo 780 kuchulukitsa ndi 51 ndi 39,780. Motero ana a masukulu awiri, atapangana tsiku, akhoza kuyesa dziko lapansi ndi ndodo ziwiri.

Akulu anena kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Dzuwa lija linawalira anthu onse a ku Egypt, ndi buku la Euclid linali lotseguka kwa ophunzira onse a ku Alexandria. Eratosthenes anasiyana nawo pa ichi, kuti anaphunzira bwino lamulo laling'ono la ngodya zosinthana mbali, kotero kuti analizindikira pamene linabisala m'chithunzithunzi cha kamtengo.

Mafunso

1. Tchulani ngodya za malo amodzi, ndi ngodya za m'kati zosinthana mbali.
2. Ngodya 4 ikakhala madigiri 110, kodi ngodya 5 ndi ngodya 6 zili madigiri angati?
3. Pa muyeso wa Eratosthenes, mizere iwiri yosakomana inali iti? Nanga mzere wodula unali uti?
4. Ngodya ya ku Alexandria ikadakhala gawo limodzi mwa magawo 40 a mkombero, kodi akadapeza mastadiya angati?